Galimoto Yokalamba Siyenda Yokha

Lamulungu loyamba la mwezi wa Novembala, kusanache, ku Hyde Park mumzinda wa London kumamveka fungo limene mphuno za masiku ano zinaliiwala: oyilo wopserera, palafini wa m'nyale, utsi wa petulo wosapsa bwino ndi nthunzi ya madzi owira. Chisanu chake ndi chija choluma nsonga za makutu. Mumdimamo umangomva mainjini akutsokomola. Ina ikulira thi! thi! thi! ngati chigayo cha dizilo cha kumudzi, ina ikungopuma fuu! fuu! ngati ketulo yoiwalidwa pa mbaula. Abambo ndi amayi ovala zikhoti zaubweya akupukusa handulo kutsogolo kwa galimoto. Wina wagwada pa udzu wonyowa, tochi waluma kukamwa, manja onse awiri ali m'mimba mwa injini.

Dzuwa likangosuzumira, galimoto yoyamba imanyamuka. Zinzake zimatsatira m'magulumagulu, zakale kwambiri patsogolo, mazana angapo, zonse kulunjika ku Brighton, tauni ya m'mphepete mwa nyanja yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 97. Ndi ulendo ngati wochoka ku Lilongwe kupita ku Salima. Koma pa mdipiti wonsewu palibe galimoto yopangidwa chaka cha 1905 chitakwana. Chitsirizira pa banjali chadutsa zaka 120.

Zambiri zilibe denga, zilibe galasi la kutsogolo. Zina zilibe ndi chiwongolero chomwe, woyendetsa amangogwira ndodo yachitsulo ngati akuwongolera boti la injini pa nyanja. Zilipo zoyendera nthunzi, zilipo ndi zamagetsi, ndipo zimenezi zimasowetsa chonena anthu amene amayesa galimoto yamagetsi ndi nzeru yadzana.

Mwambowu uli ndi pochokera. Mu 1865 nyumba ya malamulo ya ku Britain inalamula kuti chilichonse choyenda ndi injini pamsewu chisapitirire mamailosi 4 pa ola kumidzi ndi mamailosi 2 m'tauni, ndipo patsogolo pake pazikhala munthu woyenda pansi atanyamula mbendera yofiira. Limenelo ndi liwiro la munthu wopita kudimba khasu lili paphewa. Za mbenderazo anazifewetsa mu 1878, koma munthu woyenda patsogolo uja anatsalabe mpaka mu 1896, pamene lamulo latsopano linakweza liwiro kufika mamailosi 14 pa ola. Pa 14 Novembala chaka chimenecho eni galimoto anasonkhana ku London, nang'amba mbendera yofiira anthu akuona, n'kuuyatsa ulendo wa ku Brighton pokondwerera kumasulidwa kwawo. Ulendowo unatsitsimutsidwa mu 1927, ndipo kupatula zaka za nkhondo ndi zina zowerengeka, monga 2020 ya mliri ija, wakhala ukuchitika chaka ndi chaka. Lero akuuyang'anira ndi a Royal Automobile Club. Si mpikisano ayi. Aliyense wofika pa Madeira Drive ku Brighton isanakwane 4:30 madzulo amalandira mendulo yofanana ndi ya mnzake, kaya anafika dzuwa lili paliwombo, kaya anatulukira kukuda ali thukuta kamukamu.

Ine sindinakwerepo galimoto zimenezi, ndipo thumba langa silingayerekeze n'komwe. Malo anga pa tsikuli ndi m'mbali mwa msewu, pa chitunda china cha ku Sussex, pamodzi ndi anzanga a kalabu yathu yaing'ono. Timaimika galimoto zathu pa kapinga, timatsegula mafulasiki a tiyi, n'kumadikira. Pa chitundapo m'pamene nkhalambazo zimayesedwa. Injini ya silinda imodzi imayamba kulira motalikitsa, thi... thi... thi..., liwiro n'kumatsika mpaka mwana woyenda pansi kuipitirira. Ukatero umaona okwera akudumpha mmodzimmodzi, anthu oti kwawo ali ndi antchito owatsegulira geti, n'kuyika mapewa pa galimoto. Ife owonerera timathamangira komweko kukathandiza.

Tsiku loyamba kuona zimenezi ndinaseka ndekha mpaka misozi. Munthu wokulira pa matola sangaone zoterezi n'kukhala mlendo. Ndinakumbuka Peugeot 404 yotsegula kumbuyo imene inkatitenga popita kumudzi, mmene inkakanira pa chitunda mvula ikagwa, kondakitala n'kukuwa kuti, "Azibambo tsikani tikankhe, azimayi khalani!" Wina n'kumathamanga m'mbali ndi mwala woti atsekere tayala. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Sussex anthu amalipira ndalama zankhaninkhani kuti akankhe, ndipo amakankha akumwetulira.

Yanga ndi mwana wakhanda poyerekeza ndi za ku Brighton. Ndi Morris Minor 1000 ya 1968, yobiriwira ngati masamba a nkhwani oyamba kufota. Akatswiri a makalabu akuluakulu sangaiwerengere m'gulu la nkhalamba zenizeni, chifukwa iwo ali ndi malire awo okhwima: za 1905 isanafike ndi gulu lina, zochokera 1905 mpaka 1918 ndi lina, zochokera 1919 mpaka 1930 ndi linanso. Veteran Car Club of Great Britain, yomwe inabadwira ku Brighton komweko mu 1930, imachita kufufuza manambala ndi zikalata isanatsimikize zaka za galimoto. Kalabu yathu ilibe mwambo wotere. Ngati galimoto yako ndi yakale moti mwana wa sukulu angaime n'kuiloza chala, bwera udzamwe tiyi.

Morris Minor inaonetsedwa koyamba mu 1948 pa chionetsero cha galimoto ku Earls Court, ku London. Anaijambula ndi Alec Issigonis, yemweyo amene mu 1959 anadzabweretsa Mini. Amati mwini kampani, Lord Nuffield, sanaikonde poyamba, anaifanizira ndi dzira lophika m'madzi. Dziralo linakhala galimoto yoyamba ya ku Britain kugulidwa kupitirira 1 miliyoni, ndipo pomwe ankasiya kupanga mu 1971 zinali zitapitirira 1.6 miliyoni. Inali galimoto ya anamwino oyendera odwala m'midzi, ya apolisi, ya abusa, ya aphunzitsi. N'chifukwa chake ndikaima pa malo omwetsera mafuta sindichoka msanga. Nthawi zonse pamapezeka gogo wina wofuna kundiuza kuti bambo ake anali nayo yotere, ndipo anaphunzirira pomwepo kuyendetsa.

Nditaigula, amayi a kunyumba anaizungulira kamodzi, natsegula chitseko, nanunkhiza mkatimo, n'kufunsa kuti, "Bambo a ana, ndalama zija zapita apa?" Amalume anga, amene akhala makaniko ku Ndirande kuyambira ndisanabadwe, nditawatumizira chithunzi pa WhatsApp anaimba foni nthawi yomweyo. "Mphwanga, anzako akapita kunja amatitumizira zithunzi za Benz. Iwe wawoloka nyanja kukatola chiphapha? Kapena zinthu sizikuyenda, undiuze zoona." Ndinayesa kufotokoza kuti kuno galimoto yotere ndi yolemekezeka. Anangoti, "Chabwino," mawu aja amene akuluakulu amanena akaona kuti mwana wasokonekera koma si nthawi yake yomukalipira.

Patangotha milungu itatu chiphapha chija chinawavomereza amalume. Ndinali pa mphambano ina madzulo, mvula ikuwaza, injini inangoti zii. Kiyi ndinapotokola, sitata ikulira bwinobwino, koma osayaka. Ndinaikankhira m'mbali, ndinatsegula boneti n'kumayang'ana mkatimo ngati mbuzi yoyang'ana nyuzipepala. Posakhalitsa kumbuyo kwanga kunaima galimoto wamba, n'kutsikamo bambo wina wa imvi mbuu, wovala juzi yobooka pa chigongono. Sanafunse zambiri. Anandiuza kuti ndipotokole kiyi pang'ono chabe osaliza injini, kenako timvetsere. Kunali chete. Iwo anati chete ameneyo ndiye matendawo.

Galimoto imeneyi ili ndi pampu yamagetsi yokoka petulo, ndipo ukapotokola kiyi imayenera kuyamba yalira ti-ti-ti-ti, kenako n'kudekha mafuta akadzaza. Mkati mwake muli tizitsulo tiwiri togundana, ndipo tikakalamba kapena galimoto ikakhalitsa osayenda timamatirira. Bambo aja anatenga sipanala m'thumba la chitseko cha galimoto yawo, nagogoda pampuyo kamodzi, mosamenyetsa, ngati akugogoda pa khomo la apongozi. Ti-ti-ti-ti. Injini inayaka. Kenako anandilembera pa kapepala dzina la malo omwera mowa ndi tsiku: Lachiwiri loyamba la mwezi, 7 koloko madzulo. Anati ndibwere ndi galimotoyo, pampu ina ali nayo kunyumba.

Umu ndi mmene ndinalowera kalabu. Palibe anandiitana ndi kalata, inandilowetsa ndi pampu.

Kalabu yake si ya anthu apamwamba monga mmene ndinkaganizira. Tilipo makumi angapo. Alipo amene anali okonza mapaipi a madzi, alipo woyendetsa basi wopuma ntchito, alipo mayi wina amene anali namwino ndipo ali ndi MGB yofiira imene amaikonza yekha, alipo mnyamata mmodzi wa Volkswagen Beetle amene tonse timamusamala ngati dzira chifukwa ndi yekhayo wosafika zaka 30. Tili ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma, ngati bungwe lililonse la kumpingo, ndipo msonkhano wa pachaka umatha ndi mkangano wa ndalama za tiyi, ngatinso bungwe lililonse la kumpingo. Chopereka cha pachaka ndi chochepa, sichikwana kudzaza thanki.

Chimene umagula ndi choperekacho sichilembedwa pa lisiti. Galaja ya masiku ano imadalira kompyuta: amalumikiza chingwe, makina n'kunena chimene chavuta. Galimoto ya 1968 ilibe poboola polumikiza chingwe chimenecho. Matenda ake amadziwika ndi khutu, mphuno ndi nsonga za zala, ndipo nzeru zimenezo zili m'mitu ya anthu amene ambiri adutsa zaka 70. Wina amadziwa kutchuna kabuleta pongomvera kapumidwe ka injini. Wina ali ndi makina owotcherera. Wina ali ndi chida china chachilendo chimene umachifuna kamodzi pa zaka khumi, ndipo chimayenda khomo ndi khomo ngati mtondo wa m'mudzi. Loweruka lina timakathandiza uyu kutsitsa giyabokosi, Loweruka linalo ndi kwa uja. Kwathu tikanati ndi dima, kungoti m'malo mwa mowa wamasese pamakhala tiyi wamkaka ndi mabisiketi.

Phunziro limene linandilowa m'mafupa linali la girizi. Mwezi wachiwiri ndili m'kalabumo, bambo a juzi yobooka aja anagwada pafupi ndi tayala langa la kutsogolo, nalowetsa dzanja kuseri, n'kutulutsa chala chouma. Anandiyang'ana ngati ndamenya mwana. Pa Morris Minor, tayala la kutsogolo limagwiridwa ndi chitsulo choimirira chokhala ndi mazinga ngati a bawuti, pamwamba ndi pansi, ndipo nthawi iliyonse ukakhota mazingawo amatembenuka atasenza kulemera kwa galimoto. Akamamwa girizi pafupipafupi amatha zaka zambiri. Akauma amadyeka mwakachetechete, ndipo tsiku lina, kawirikawiri ukukhota pang'onopang'ono, amavuka, tayala n'kupindikira mkati, galimoto n'kugwada pamsewu ngati ng'ombe yotopa pa ngolo. Anandipatsa mfuti yopopera girizi, nandigoneka pa katoni pansi pa galimoto, n'kumandilozera timabele tachitsulo tolowetsera girizi kamodzikamodzi. Popa mpaka girizi wakale wakuda atuluke, woyera aonekere. Ndinadzuka malaya atathera pomwepo. Buku la galimotoyo limanena zonsezi, n'zoona, koma buku silikuyang'ana ndi diso lija.

Mdani wamkulu ndi dzimbiri. Ku Britain m'nyengo yozizira amathira mchere m'misewu kuti madzi asaundane, ndipo mcherewo umadya galimoto kuyambira pansi ngati chiswe pa nsichi. Utoto pamwamba ungawale, koma ukasenda kapeti n'kupeza msewu ukuoneka. Ogula koyamba amanyengedwa ndi kuwalako. A m'kalabu akapita kukaona galimoto yogulitsa amatenga maginito ndi sikuludiraiva: pamene maginito akukana kumata, pamenepo wina anabisa bowo ndi phala. Ndipo mtundu wa Minor wotchedwa Traveller uli ndi vuto lina lapadera, chifukwa kumbuyo kwake kuli mafelemu a matabwa enieni, osati okongoletsa chabe koma ogwira thupi la galimoto. Mwini wake amafunika makaniko ndi kalipentala yemwe.

Masipeyala a Minor savuta kwenikweni, chifukwa pali makampani amene akupangabe zambiri, ndipo Morris Minor Owners Club, yomwe inayamba mu 1976, ili ndi nthambi m'madera ambiri. Amene amavutika ndi eni galimoto zosowa. Iwowa Yerusalemu wawo ndi Beaulieu, ku Hampshire, kumene kuli National Motor Museum, nyumba yosungira galimoto zakale imene inayamba ndi galimoto zochepa zomwe Lord Montagu anaziika poonekera mu 1952. Chaka chilichonse mu Seputembala kumeneko kumachitika kaunjika wa zitsulo. Mabenchi mazanamazana pa bwalo, milu ya nyale, mawilo, mabaji, mahutala, timabokosi ta mabawuti a dzimbiri. Anthu amachokera mpaka ku Germany ndi ku Netherlands kudzasakasaka kachitsulo kamodzi. Nditafika koyamba ndinaona ngati ndatsikira ku Ndirande. Kanenereredwe ka mtengo n'komweko, kunamizira kuchoka kuti akuitanenso n'komweko, ndi wogulitsa uja amene amayang'ana kachitsulo kamene wabweretsa n'kunena chaka ndi mtundu wa galimoto asanakagwire, nayenso alipo.

Boma la kuno limazikondera nkhalambazi, ndipo kukonderako kwina kumandichititsa manyazi. Galimoto ikakwanitsa zaka 40 mwini wake angathe kuilembetsa ngati yakale n'kusiya kulipira msonkho wa pamsewu. Kuyambira mu Meyi 2018 siikakamizidwanso kupita ku MOT, kuyeza kwa pachaka kofanana ndi COF ya kwathu, bola ngati sinasinthidwe kwambiri. Ambiri m'kalabu yathu amapitabe nazo mwa kufuna kwawo, ndipo ine ndili mbali yawo: diso la mwini limakhululuka zambiri, ndipo mabuleki a 1968 si oti munthu aziwakhulupirira pa mawu okha. Ku London kuli ULEZ, dera limene galimoto zotulutsa utsi wambiri zimalipira mapaundi 12.50 pa tsiku, ndipo mu Ogasiti 2023 derali linakula n'kukuta mzinda wonse. Morris yanga imalowa ulere. Mnzanga wina wosamalira okalamba, amene amayendera galimoto ya dizilo ya zaka 15 chifukwa ndi imene angakwanitse, amalipira. Oikira kumbuyo lamuloli amati galimoto zakale n'zochepa ndipo zimayenda mitunda yochepa pa chaka, ndipo n'zoona. Komabe ndikamamudutsa sindiliza hutala.

Zoterezi sizigwa kumwamba. Makalabu mazanamazana ali pansi pa Federation of British Historic Vehicle Clubs, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1988 kuti liziwalankhulira ku boma. Ndi lomwelonso limene limatsogolera Drive It Day mu Epulo, tsiku limene aliyense amatulutsa galimoto yake yakale pokumbukira ulendo wa mamailosi 1,000 umene unachitika mu 1900 pofuna kutsimikizira anthu kuti galimoto si chidole. Kwa ife tsikuli ndi lotsegulira nyengo. Galimoto zimene zagona m'magalaja dzinja lonse la kuno zimatuluka zikutsokomola, ndipo mlembi amayenda pambuyo pa onse ndi chingwe chokokera, mabatire ndi chigubu cha madzi.

Nkhani imene inatekesa kalabu yathu kuposa zonse inali ya mafuta. Petulo wokhala ndi mtovu, amene mainjini akalewa anapangidwira, anachotsedwa pa msika mu 2000, ndipo anthu anazolowera kuthira mankhwala m'thanki kapena kusintha mipando ya mavavu. Kenako mu Seputembala 2021 kunabwera E10, petulo wosakaniza ndi ethanol mpaka magawo 10 pa 100. Ethanol amakoka chinyezi, amafewetsa mapaipi akale a labala, ndipo galimoto ikakhala miyezi osayenda amasiya zonyansa mu kabuleta. Msonkhano wa mwezi umenewo unali ngati pa maliro. Ndinawasiya adandaule, kenako ndinawauza kuti kwathu ku Malawi takhala tikusakaniza ethanol wa nzimbe mu petulo kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba, ndipo ma Peugeot ndi ma Datsun athu sanaleke kuyenda. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti kwathu kumagwa chipale. Kunali koyamba kuti chipinda chonse chitembenukire kwa ine kufuna nzeru. Zoona zake, ambiri a ife tinangosintha mapaipi n'kuyamba kugula petulo wodula wa E5, amene akupezekabe.

Musaganize kuti m'kalabu ndi mwa angelo. Muli mipingo iwiri imene siidzagwirizana mpaka kalekale. Woyamba umati galimoto ikhale ndendende mmene inatulukira ku fakitale ya ku Cowley, mpaka mtundu wa bawuti. Anthu amenewa amapukuta pansi pa galimoto ndi mswachi, ndipo ena amaibweretsa ku chionetsero itakwera ngolo kuti matayala asade. Wachiwiri umati galimoto ndi yoyenda: ikani mabuleki amakono kutsogolo, ikani malamba, ikani nyale zowala kuti mufike kunyumba amoyo. Ine ndinayamba ndili wa mpingo woyamba, chifukwa mlendo amafuna kuonetsa kuti akudziwa malamulo. Ndinatembenuka tsiku limene ndinatsika chitunda chachitali ana ali kumbuyo, phazi lili pa buleki mpaka pansi, fungo la mabuleki otentha litadzaza mkatimo. Mwezi wotsatira ndinasintha a kutsogolo. Mkulu wina sanandilankhule misonkhano iwiri.

Palinso nkhani ya ndalama, imene anthu akunja amayamba nayo kufunsa. Amamva kuti mu 2022 Mercedes-Benz 300 SLR ya 1955 inagulidwa mayuro 135 miliyoni, n'kumaganiza kuti aliyense wa galimoto yakale wakhalira golide. Limenelo ndi dziko lina, la anthu amene amatsekera galimoto m'zipinda zoziziritsa n'kumadikira mtengo ukwere. Kwa ife masamu ake ndi obwerera m'mbuyo. Ukawerengera zimene wawononga pa kuwotcherera, utoto ndi masipeyala, sudzazipezanso pogulitsa, ndipo aliyense m'kalabu ali ndi malisiti amene akunyumba sanawaonepo.

Nanga timapezamo chiyani? Kuyendetsa Morris Minor ndi ntchito ya thupi lonse. M'mawa umakoka choko, umamvetsera pampu ija ithe kulira, umaliza injini n'kuidikira itenthe. Giya yoyamba salowetsa galimoto ikuyenda, ikatero imakukuta mano mpaka oyenda pansi kutembenuka. Chiwongolero n'chachikulu, chopyapyala, ndipo chimakuuza mwala uliwonse umene tayala laponda. Ukachotsa phazi pa moto potsika, ekizozi imatulutsa kaphokoso kena kopanda ulemu kamene eni Minor onse amakadziwa ndipo ana amafa nako kuseka. Pa makilomita 80 pa ola umamva ngati ukuuluka. Batire ikafooka pali handulo yopukusira kutsogolo, ndipo chala chachikulu umachiika mbali imodzi ndi zinzake, chifukwa injini ikabweza ingakuthyole. M'galimoto yamakono ndimafika kumene ndikupita osakumbuka njira. Mu iyi ndimakumbuka chitunda chilichonse, ndipo anthu osawadziwa amandibayibitsa m'dziko limene anthu sapatsana moni pamsewu.

Chimene sitikonda kukamba ndi imvi zathu. Chaka chatha tinaika m'manda bambo a juzi yobooka aja. Galimoto 14 za kalabu zinatsatira bokosi lawo, pang'onopang'ono, ndipo imodzi inawira panjira, zimene tonse tinagwirizana kuti zikanawasangalatsa. Patapita milungu ingapo akazi awo anatiitana kuti tikachotse za m'galaja. Munali zitini za bisiketi zodzaza mawashala, chilichonse cholembedwa ndi dzanja, mapampu asanu okonzedwa kale ongodikira wina wofa pa mphambano, ndi kabuku ka mafuta okhaokha kolembamo galimoto za anthu ena: ya uje ikudontha apa, ya uje iyang'anidwe kalachi chaka chamawa. Yanga inalimo. Zitsulo tinagawana. Koma kumva kabuleta ndi khutu sitinakupeze m'chitini chilichonse, ndipo mnyamata wa Beetle uja ndi mmodzi yekha.

Ndikaganiza za kwathu, chimene chimandiwawa si kuti tilibe luso. Luso lili ku Ndirande ndi m'magalaja a pansi pa mtengo m'dziko lonse n'loposa la anthu ambiri a m'kalabu yathu. Makaniko amene amasema gasiketi pa katoni, amene amalumikiza injini ya galimoto ina pa giyabokosi ya inzake n'kuyenda, kuno akanamuvulira chipewa. Kungoti kwathu amachita zimenezi chifukwa cha kusowa, ndiye galimoto yakale imanunkha umphawi, ndipo munthu akangopeza ndalama amaitanitsa ya ku Japan kudzera ku Dar es Salaam, yakaleyo n'kuisiya kuseri kwa nyumba mpaka ogula zitsulo adzaiyeze pa sikelo. Sindingamuweruze. Kusunga galimoto yosapita nayo ku ntchito kumafuna galaja, nthawi ndi mimba yokhuta. Koma ma 404 aja, ma Land Rover a ku mishoni, ma Bedford amene ananyamula fodya ndi maliro a theka la dziko, akutha mmodzimmodzi popanda wowalembera kabuku. Anansi athu ena anayambapo kale: ku Cape Town kuli Crankhandle Club, ku Johannesburg kuli Piston Ring Club, ndipo ku Nairobi eni Alfa Romeo akhala akuchititsa chionetsero cha galimoto zakale kwa zaka zambiri.

Amalume aja anasintha maganizo pang'onopang'ono, ngakhale sangavomere. Zinayamba pamene ndinawatumizira kanema wa injini ikulira. Anayankha ndi uthenga wa mawu: "Bwereza, uyandikitse foni kumanzere." Nditabwereza anati vavu imodzi yatalikira, ndiyeze mpata injini itazizira. Ndinayeza, yachitatu inalidi yotalikira. Nditakanena ku kalabu kuti matendawa awapeza ndi munthu amene ali makilomita masauzande ambiri kudzera pa foni, wapampando anafunsa ngati amalumewo angalole kulembedwa ngati membala wolemekezeka.

Ndinawaimbira kuwauza. Anaseka nthawi yaitali, kenako anatsitsa mawu ngati pali wina akumvetsera.

"Mphwanga, pampu zija unati munagawana, yatsalako?"

Ndinati ndili nazo ziwiri.

"Ukamabwera Disembala unditengere imodzi. Kuli ina yonga yakoyo kuseri kwa nyumba ina ku Chilomoni, ili pansi pa mtengo wa mango, matayala anamira m'dothi. Nkhuku zikuikiramo mazira. Mwini wake ndi gogo wina, akuti inali ya malemu amuna awo ndipo sagulitsa. Koma ndinatsegula boneti, ndinagwira fani, injini ikutembenuka."